Benchi la Oiwala

Mpira unali m'manja mwa amuna anga, kukamwa kuli yasa, maso ali pa munthu amene anadziwana naye tonse tisanamere imvi. Dzina silinkabwera. Ndinaona chala chawo chachikulu chikukanda chikopa cha mpira, ndipo ndinadziwa kuti tatsala pang'ono kuyaluka. Ndinawerama ngati ndikumanga chingwe cha nsapato, n'kutulutsa mawu cha m'mbali mwa pakamwa.

"A Dalaivala."

"A Dalaivala," anatero amuna anga ndi mawu awo a pabwalo aja, mpira n'kuuluka kukagunda pamimba pa mwini dzina. "Mimba imeneyo ichepe, bambo. Tikufuna kuponyera munthu, osati mgolo."

Anthu anaseka, masewero n'kupitirira. Ine ndinaweramuka. Kutsidya kwa bwalo a Nesi sankaseka nawo. Ankayang'ana nsapato yanga.

M'gulu lathu munalibe woitanidwa ndi dzina lake lenileni. Aliyense ankadziwika ndi ntchito imene inamudyera unyamata: a Dalaivala, a Telala, a Nesi, a Kalaliki, ndi ena otero. Ine ndinali a Halo, chifukwa ndinakalambira pa makina olumikiza mafoni, kale lija anthu asanayambe kuyenda ndi foni m'thumba. Ntchito imeneyo inandisiyira maluso awiri, kusunga mayina ambirimbiri m'mutu ndi kulankhula osagwedeza milomo woyang'anira akamadutsa kumbuyo. Sindinkadziwa kuti luso lachiwirili ndidzalifuna nditakalamba.

Amuna anga anthu ankawaitana Aphunzitsi pamaso, kumbali n'kumati a Wezulo, chifukwa cha wezulo imene sinkachoka m'khosi mwawo. Anaphunzitsa masewero olimbitsa thupi pa sukulu ya m'dera lathu mpaka atapuma ntchito, ndipo atapuma anapeza kuti m'nyumba mulibe wina womukalipira koma ine ndekha, amene ndinali nditazolowera kale ngati munthu wokhala m'mbali mwa njanji. Choncho anakapempha holo ya sukulu ija kuti aziigwiritsa ntchito m'mawa ana asanafike, n'kuyamba kugogoda m'makomo a nkhalamba za mumsewu mwathu.

"Thupi ndi njinga," ankatero pakhomo lililonse. "Ukasiya kupalasa umagwa. Nanga inu pa mpandopo mukudikira chiyani, maliro anu omwe?"

Holoyo inali ya simenti yong'aluka, mizere yake ya penti itafufuta, mawindo ali pamwamba kwambiri moti kunja sitinkaonako. Munkamveka fungo la choko ndi la mankhwala amene tonse tinkapaka m'mawondo. Tinkayamba ndi kuwongola misana, kenako kuyenda mozungulira, kuima ndi mwendo umodzi ngati akakowa, ndi kukhala pa mpando n'kudzuka osagwira paliponse. Ndinene chilungamo, zinkathandiza. Mawondo anga amene anali atakana masitepe anayambanso kundimvera. A Telala anataya ndodo. A Kalaliki, amene mkazi wawo atamwalira ankatha sabata osatsegula chitseko, anayambanso kumeta ndevu. Tinkabwerera kunyumba tili thukuta kamukamu, tikunyozana ngati ana a sukulu, ndipo tulo tinkagona tabwino.

Mapeto a zonse anali bwalo la mayina. Tinkaima mozungulira, wina n'kutenga mpira, kutchula dzina la mnzake, kenako kumuponyera. Aphunzitsi ankati mutu nawonso umafuna thukuta, apo ayi umachita nkhungu. Malamulo anali awiri, ndipo anawapanga okha. Wolephera kutchula dzina katatu tsiku limodzi ankapita kukakhala pa benchi la kukhoma. Wonong'oneza mnzake ankapita komweko.

Pakamwa tinkati benchi ndi lopumirapo chabe, munthu mutu ukakhazikika adzabwerera. Koma palibe amene anabwererapo. Munthu ankakhala pamenepo masiku angapo akuonerera anzake, akumwetulira kuti tione kuti sanakhumudwe, ife n'kumamupatsa moni wa patali ngati kuiwala ndi chimfine. Kenako ankasiya kubwera. Sitinkakamuona kunyumba. Tinkaopa, ngakhale palibe amene akanavomera. Aliyense wopita pa benchi ankatitsimikizira kuti ife otsalafe tidakali bwino, ndipo chimenecho chinkakoma mumtima kuposa mmene chinayenera kukomera.

Woyamba kukhalapo anali a Makaniko, amuna awo a Nesi, mnzawo wa amuna anga wa pa ubwana. Tsiku limenelo anaima ndi mpira, akuyang'ana nkhope imodzi ndi imodzi.

"Aphunzitsi, ndine, mnzanu uja. Sindinagone bwino basi."

"Lamulo lilibe mnzake," anatero amuna anga. "Kuno si kuchipatala."

A Nesi anagwada pa simenti ija, gulu lonse likuona, koma wezulo inalira ndithu. A Makaniko sanathe chaka. Anafera pa mpando wa pawindo, atasiya kudya, atasiya kulankhula. Maliro atatha a Nesi anabwerera ku holo atavala nsapato zatsopano zothamangira, n'kusankha malo oyang'anizana ndi amuna anga. Sanajombepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu ankati ndi mayi wolimba mtima. Ine ndinkati galu wamkota sakandira pachabe.

Sindinganame kuti amuna anga anali munthu wokoma. Ana athu ankadzutsidwa ndi wezulo yomweyo, ndipo atakula anathawira kutali, komwe amaimba foni mwachangu ngati munthu amene wasiya madzi pamoto. Ine zaka zonse za ukwati wathu sanandifunsepo kuti ndadzuka bwanji. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Ndinkawakonda monga mmene munthu amakondera nyumba yodontha imene anaberekeramo ana ake.

Kuiwala kunayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinapeza wezulo mufiriji. Tsiku lina anandifunsa kuti mayi awo, amene tinawaika m'manda ana athu ali aang'ono, abwera liti kuchokera kumsika. Ndinawanyengerera kuti tipite kuchipatala ponena kuti wodwala ndine. Dokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wathu. Atawafunsa mafunso ake, anawatuma kukayezetsa magazi, n'kutseka chitseko.

"Amayi, zomwe zapita palibe mankhwala ozibweza," anatero. "Koma tikhoza kuchedwetsa zotsalazo. Asakhale pansi. Aziyenda, aziseka, azikhala pakati pa anthu. Kodi pali chimene chimawadzutsa m'mawa?"

"Chilipo."

"Chimenecho muchigwiritsitse. Tsiku limene adzasiye kutuluka m'nyumba, matendawa adzayamba kuthamanga."

Sanandiuze chachilendo. Ndinali nditaona kale ndi maso anga. Masiku amene holo inali yotseka, amuna anga ankagona atayang'ana kukhoma mpaka dzuwa kufika pamutu, osafuna kusamba, osafuna kudya, akundiyang'ana ngati wantchito amene sanamulembe. Koma tsiku la holo ankadzuka okha, kupukuta nsapato, kupisira malaya, kuvala wezulo m'khosi, ndipo pakhomo pankatuluka mwamuna wathunthu. Masewero onse ankawakumbukira. Malamulo ankawakumbukira. Chimene chinkathawa chinali mayina okha, ndipo mayinawo ndiwo anali ndi benchi kumapeto kwake.

Ndinayesa kulichotsa benchilo. Tsiku lina tikumwa tiyi ndinayamba mozungulira, monga mmene ndinkayambira chilichonse m'nyumba imeneyo.

"Bambo, benchi lija bwanji tingolibweza ku kalasi? Likungodya malo."

"Likudya malo a ndani?"

"Ndimati anthu tikukula. Munthu akhoza kuiwala lero, mawa n'kukumbukira."

Anaika kapu pansi mwamphamvu mpaka tiyi anatayikira m'mbale.

"Iwe ukufuna ndiziyang'anira gulu la zitsiru? Mbatata imodzi yowola ukaisiya m'dengu imawoletsa zonse. Kapena wayamba kuiwala ndiwe? Nena, ndikukonzeretu malo."

Ndinapukuta tebulo. Kuyambira pamenepo ndinkaima kumanzere kwawo, kumbali ya khutu lawo labwino, ndipo luso langa lakale linayambanso ntchito. Chodabwitsa n'chakuti iwo sankadziwa kuti mawuwo akuchokera kwa ine. Dzina likalowa m'khutu ankalitenga ngati lawo, n'kuliponya pamodzi ndi mpira ndi chipongwe chomwe.

Tsiku lija ndinamanga chingwe cha nsapato, a Nesi anandipeza pa mpopi kuseri kwa holo ndikusamba kumaso. Anadikira kuti ena atalikire.

"Chingwe cha nsapato yanu chikumasuka kawirikawiri masiku ano, a Halo."

"Nsapato zake n'zakale."

"Si nsapato zokha zimene n'zakale." Anatsegula mpopi n'kuyamba kusamba m'manja mwa chinesi, chala chimodzi ndi chimodzi. "Maso ngati a amuna anu aja ine ndimawadziwa. Ndinawaona m'mawodi, kenako ndinagona nawo m'nyumba."

Ndinaona kuti kukana n'kutaya nthawi. Ndinawauza zonse, za firiji, za dokotala, za masiku ogona moyang'ana kukhoma. Ndinalankhula ngati mkazi kwa mkazi mnzake. Manyazi anandigwira, koma ndinapempha.

"Holoyi ikawachoka atha, a Nesi. Inu mukudziwa kuposa ine. Mukufuna ndigwade?"

"Musavutike. Simenti yake ndi yozizira, ine ndinaiyesa kale."

"Ndiye mukawauza anthu?"

Anatseka mpopi, n'kukutumula manja.

"Ine? Ayi. Lamulo si langa. Mwini wake adzalisunga yekha."

Sananame, sanauze munthu. Anangoyamba kachizolowezi katsopano. Tsiku lililonse tisanayambe bwalo la mayina ankakweza dzanja ngati mwana wa sukulu wakhalidwe.

"Aphunzitsi, tikumbutseni malamulo. Enafe mitu yakalamba."

Amuna anga ankasangalala nalo funsolo. Ankatukula chifuwa.

"Wolephera katatu?"

"Benchi," gulu linkayankha.

"Wonong'oneza mnzake?"

"Benchi."

A Nesi ankawanola ngati mpeni, ine ndikuona, popanda chimene ndikanachita. Ndipo anthu si ana. A Telala anayamba kundiyang'ana pakamwa. A Dalaivala anayamba kutsokomola dala nthawi iliyonse mpira ukafika kwa Aphunzitsi. Aliyense m'bwalo limenelo anali ndi chilonda chake chochokera pakamwa pa Aphunzitsi. A Telala anatchedwapo kamba pamaso pa onse. A Kalaliki anauzidwapo kuti mkazi wawo anachita bwino kufa kusiyana n'kumaona miyendo yotere. Anthu ankaseka nawo nthawi imeneyo, koma ankasunga.

Ndinaganizapo zowasunga amuna anga kunyumba masiku angapo kuti nkhani izizire. Ndinayesa kamodzi, ndinawanamiza kuti holo yatsekedwa. Pofika madzulo anali atadzinyowetsera pa mpando, akulira kuti mayi awo awasiya okha. M'mawa mwake ndinawasitira malaya ndi mpango wa m'thumba, tinapita.

Tsiku lomaliza amuna anga kupukuta nsapato zawo okha kunali mvula. Tinafika ku holo titanyowa m'miyendo, ndipo denga la malata linkachita phokoso moti wezulo yokha ndiyo inkamveka bwino. Masewero oyamba anayenda monga mwa masiku onse. Anaima ndi mwendo umodzi nthawi yaitali kuposa tonse, msana uli chilili, ndipo ndinawanyadira, ndisabise. Kenako a Nesi anakweza dzanja, malamulo ananenedwa, tinaima mozungulira.

A Nesi ndiwo anayamba.

"Aphunzitsi."

Mpira unafika. Ndinanong'ona dzina la a Kalaliki, koma mvula inalimeza. Ndinabwereza mokweza pang'ono. Analitola, naponya. A Kalaliki sanayang'ane kwina kulikonse. Anaponyera a Telala, a Telala n'kunena, "Aphunzitsi."

Ndinapereka dzina lina. Mpira unapita, unadutsa kwa munthu mmodzi, unabweranso. Unapita, unabweranso. Apo ndinazindikira kuti bwalo lonse latembenukira munthu mmodzi. Sindikhulupirira kuti anapangana. Sizinafunike kupangana. Nkhuku zikaona kadontho ka magazi pa inzake siziitana msonkhano. Nkhope zawo zinali zowala, nkhalamba zimene ndinkamwa nazo tiyi, zikupuma mofulumira ngati zabwerera ku ubwana.

Ine ndinasiya zowerama. Ndinaima chilili, milomo ili duu, ndikutulutsa mayina limodzi pambuyo pa linzake ngati masiku a pa makina aja mafoni akachuluka. Thukuta linkatsika mumsana. Mvula ikamakula, mawu anga ankakula nawo. Amuna anga anayamba kusangalala ndi liwirolo.

"Eya, lero mwadzuka," ankatero. "Tiyeni, tiyeni."

Kenako mvula inadukiza mwadzidzidzi, monga imachitira, ndipo m'holo monse munamveka mawu a munthu mmodzi.

"A Telala."

Anali mawu anga. Anagunda kukhoma n'kubwerera.

Palibe anasuntha. Madzi ankadontha m'chidebe chimene tinkaika pakona. A Nesi anapinda manja, n'kulankhula mofatsa.

"Aphunzitsi, pepani. Kumanzere kwanuko kukumveka mawu. Kapena ndi makutu angawa?"

Amuna anga anatembenuka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ankayang'anira ana obwera opanda yunifolomu. M'maso mwawo munalibe mkwiyo wa mwamuna kwa mkazi wake, umene ndinkaudziwa bwino ndipo ndikanaulandira ndi manja awiri. Munali mphunzitsi yekha.

"Mayi, mukunong'oneza ndani?"

"Bambo, ndine."

"Sindinafunse kuti ndinu ndani. Ndafunsa kuti mukunong'oneza ndani. Mukuganiza kuti mukumuthandiza munthu ameneyo? Mukumupha. Mutu wodyetsedwa ndi supuni umafa."

"Bambo, tiyeni tizipita kunyumba."

"Lamulo lilibe mnzake."

Anaika wezulo pakamwa, naiomba pafupi ndi nkhope yanga, dzanja litaloza kukhoma.

Kuchokera pabwalo kufika pa benchi si patali, koma tsiku limenelo panatalika. Benchi linali lafumbi, chifukwa panali patapita nthawi lisanalandire mlendo. Ndinakhala. Kuchokera pamenepo ndinaona chimene a Makaniko ankaona: misana ya anthu, itatsekana bwinobwino pamalo pamene unali utaima iwe.

"Tipitirize," anatero amuna anga, mpira udakali m'manja.

Anayang'ana a Telala. Dzina linali litangonenedwa kumene, holo yonse inalimva, koma mwa iwo linali litadutsa ngati madzi m'dengu. Anapendeketsa mutu kumanzere, kudikira. Ndinaona khutu lija likufunafuna mawu anga, ndipo mtima wanga unasweka pamenepo.

"Kamodzi," anatero a Nesi.

Anatembenukira kwa a Dalaivala. Anatsegula pakamwa, anatseka. Chala chinayamba kukanda mpira.

"Inu a... a mimba inu."

"Mimba ili ndi mwini wake, Aphunzitsi," anatero a Dalaivala akuisisita. "Mwini wakeyo ndani?"

Kuseka kunayamba ndi a Telala, n'kuzungulira bwalo lonse.

"Kawiri," anatero a Nesi.

Ndinaimirira kuti ndikawatenge, koma a Nesi anakweza dzanja osandiyang'ana n'komwe.

"A pa benchi salowa m'bwalo. Si choncho, Aphunzitsi?"

"Salowa," anatero amuna anga mwamphamvu, akusangalala kuti apeza funso limene akulidziwa. "Khalani pansi, mayi."

Ndinakhala pansi.

"Anzanga, tisakhale ouma mtima," anapitiriza a Nesi. "Munthu wamkulu ngati uyu tiyenera kumupatsa chophweka. Aphunzitsi, tisiyeni ife. Aponyereni mayi ali pa benchi apo. Mungotchula dzina lawo basi. Lililonse limene mumawaitana nalo, la kuno kapena la kunyumba, tilandira."

Bwalo linatseguka kuti andione bwino. Amuna anga anandiyang'ana. Ine ndinawayang'ananso, ndipo ulendo uno ndinagwedeza milomo poyera, mopanda manyazi, ngati wolankhula ndi munthu wosamva. Ndinapanga dzina la pa holo. Ndinapanga dzina limene makolo anga anandipatsa, limene iwo analitchula pamaso pa anthu tsiku la ukwati wathu. Ndikanalandira ngakhale "iwe" uja amene ndinakhala ndikudana naye moyo wanga wonse. Anayang'anitsitsa milomo yanga mwachidwi, nkhope itakwinyika, kenako anayang'ana kumbali mwaulemu, monga umachitira ukaona munthu wosokonezeka mutu pamsewu.

Mpira unapulumuka m'manja mwawo, unadumphadumpha pa simenti, n'kukaima pakati pa bwalo.

"Katatu," anatero a Nesi. Mawu awo sananjenjemere. "Aphunzitsi, wolephera katatu amatani?"

"Benchi," anayankha nthawi yomweyo. Anagwira wezulo, n'kuyang'ana uku ndi uku m'bwalo, maso akuthwa. "Ndani?"

A Dalaivala anaseka mpaka kugwira mawondo. A Kalaliki anayang'ana pansi, koma mapewa awo ankagwedezeka. A Nesi okha ndiwo sanaseke. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pakati pa bwalo, n'kuwagwira pachigongono ndi dzanja lozolowera odwala.

"Tiyeni, agogo. Mwatopa. Tiyeni mukapume."

Sanakane. Munthu amene sanalolepo kugwiridwa dzanja ngakhale powoloka msewu anatsatira ngati mwana. Atafika pa benchi, a Nesi anawavula wezulo m'khosi mosamala kuti chingwe chisakole khutu. Anaipukuta pa malaya awo mbali zonse ziwiri. Kenako anandiyang'ana kanthawi, nkhope ilibe chimwemwe, ilibenso chisoni.

"Poyamba amakana kudya," anatero motsitsa mawu. "Muziwapatsa zofewa."

Anabwerera ku bwalo, ndipo misana inatsekanso.

Amuna anga anaima pafupi ndi benchi akuliyang'ana. Kenako anapisa m'thumba, natulutsa mpango umene ndinawasitira m'mawa womwewo, napukuta malo awo. Atandiona, anawerama pang'ono.

"Pepani, mayi, tadzukani pang'ono. Mudetsa diresi."

Ndinadzuka. Anapukuta malo anga bwinobwino mpaka m'mphepete, anauzira fumbi lotsala, n'kundilozera ndi dzanja lotambasula kuti ndikhale. Zaka zonse zija sanandikokerepo mpando. Anakhala chapatali pang'ono, kusiya mpata woyenera pakati pa mwamuna ndi mkazi wa mwini. Pamenepo misozi imene ndinaigwira pamaso pa a Nesi inandigonjetsa.

"Musalire," anatero mokoma mtima. "Kuiwala si mlandu. Kungoti lamulo ndi lamulo." Anandipatsa mpango uja, fumbi lake lomwe. "Kunjaku kwaterera. Amuna anu abwera kudzakutengani?"

"Sabwera."

Anapukusa mutu, akuyang'ana kutsogolo.

"Amuna ena alibe chisoni."

Kutsidya kwa holo wezulo inalira, mpira n'kuyambanso kuyenda. Amuna anga anawongola msana atamva kulirako. Dzanja lawo linakwera pachifuwa, linafufuza, linafufuzanso, mpaka linapeza batani la malaya, ndipo linagwira pomwepo.